Elube ndi Timagalasi Khumi ta ku Lilongwe

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndili pa maikulosikopu, mayeso a ku Lilongwe sindinalakwepo ngakhale kamodzi. Diso langali, ana inu, boma likanadziwa bwenzi litaliikira mlonda."

Ankanena zimenezi ndi a Hudson, mkulu wa labotale pa chipatala china chaching'ono ku Machinga. Dzina la chipatalacho tilisiye, poti anthu ake akadali moyo ndipo amadziwa kuwerenga. Ankauza atsikana awiri ophunzira unamwino amene anabwera kudzaona ntchito. Atsikanawo ankagwedeza mitu mwaulemu, monga achitira munthu wofuna siginecha.

Pakhomo panali Elube, mopu m'manja, ndowa pambali. Wokolopa sayankha. Koma wokolopa amalowa m'chipinda chilichonse, ndipo anthu amalankhula pafoni iye ali pomwepo ngati kuti palibe munthu. Elube ankadziwa kuti mayeso a ku Lilongwe akafika, diso la a Hudson linkapuma, ntchito n'kugwira foni.

Inu amene mumafuna nkhani yokupatsani mphamvu, yambani mwamuona Elube pamene anali. Kwawo kunali kwa Mposa, m'banja la alimi amene makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale. Mayeso a fomu folo analakwa kawiri. Sayansi ankakhoza bwino, koma Chingerezi chinkamugwetsa ngati mbuzi yomangidwa miyendo. Mwamuna wake anapita ku Joni mwana ali ndi miyezi isanu, ndipo patapita chaka nambala yake inayamba kuyankhidwa ndi mayi wina wolankhula Chizulu. Elube anagulitsa zitumbuwa pa Ntaja zaka zitatu, dzuwa likumuphika pamodzi ndi malonda ake. Atamva kuti ku chipatala akufuna wokolopa, anapita ndi mtima wonse ngati wayitanidwa ku unduna.

Ntchito yake ina inali kutsuka mabotolo a mu labotale. Masana a Hudson akapita kukadya tchipisi kumsika, Elube ankapukuta manja, n'kusuzumira mu maikulosikopu muja. Tsiku lina anamupezerera Mayi Modester, namwino amene ankayang'anira chipatala chonse.

"Ukuona chiyani mmenemo?"

"Timitengo tofiira, mayi. Tating'ono ngati njere za mpunga."

"Ndi TB imeneyo. Wakuphunzitsa ndani?"

"Palibe. Ndimangomvera a Hudson akamadzitama kwa alendo. Nthawi zina pakati pa kudzitamako pamagwa phunziro."

Mayi Modester sanaseke, chifukwa udindo sulola. Koma boma litafuna munthu mmodzi wokaphunzira kuyeza makhololo kwa masabata atatu ku Zomba, analemba dzina la Elube. A Hudson sanaletse. Ankadandaula kale kuti ntchito yawachulukira, ndipo makhololo si chinthu chimene munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pantchito amalimbirana.

Ku Zomba anamuphunzitsa Mayi Monica, katswiri wa pa labotale ina ku Balaka. Ntchitoyo imayenda chonchi. Umapaka makhololo pa kagalasi, n'kuthira utoto wofiira, n'kuutenthetsa mpaka utuluke nthunzi. Ukatsuka, umathira wa buluu. Ngati munthu ali ndi TB, tizilombo take timagwira utoto wofiira uja osausiya, ndipo timaoneka pa buluupo. Sunganene kuti munthu alibe matenda usanayang'ane malo zana limodzi pa kagalasi kamodzi.

Nanga woyezayo amamuyeza ndani? Apa ndi pamene pamabwera mayeso aja. Pakapita miyezi ingapo, a labotale yaikulu ku Lilongwe amatumiza kabokosi ka timagalasi khumi, kamene anthu a ntchitoyi amati panelo. Mayankho ake amawadziwa okha a ku Lilongwe. Tisanu timabwera topakapaka utoto, kuti aone ngati diso lako likuona. Tisanu tinato timabwera tosapaka, kuti upake wekha ndi utoto wa pa labotale yako, aone ngati utotowo ukugwira ntchito. Ukamaliza umalemba pa fomu n'kutumiza.

"Panelo muziichita monga muchitira ndi wodwala," anatero Mayi Monica. "Osaisamala mwapadera, osafunsa mnzako. Si mpikisano wa kwaya. Akufuna adziwe zimene wodwala amalandira mukakhala nokha."

Elube anabwerera ndi setifiketi, ndipo anayamba kuyeza makhololo. Kukolopa sanasiye, chifukwa setifiketi ya masabata atatu sichotsa ndowa. Koma tsopano odwala ena ankamuti "adokotala", ndipo a Hudson akamva zimenezi ankatsokomola.

Panelo yoyamba Elube ali pa maikulosikopu inafika a Hudson ali ku wekishopu ku Mangochi. Kumawekishopu ankapezekako kawirikawiri moti operekera zakudya ankadziwa kuti sadya kabichi. Fomu inkayenera kubwezedwa Lachisanu.

Elube anayang'ana tisanu topakapaka, napeza TB pa titatu. Anapaka tisanu tinato, nambala sikisi mpaka teni, ndi utoto wa pa alumali, nayang'ana malo zana pa kalikonse. Buluu yekhayekha. Anabwereza. Buluu.

Lachinayi foni inalira.

"Iwe Elube, tenga cholembera," anatero a Hudson. Kumbuyo kunkamveka masipuni. "Ndalankhula ndi mnzanga wa ku Balaka, panelo yawo ndi yomweyo. Nambala sikisi, eyiti ndi nayini muli TB. Lemba."

"Bwana, ine mmenemo sindinaonemo kanthu."

"Sindinakufunse zimene waona. Ndakuuza zimene ulembe."

"Koma fomuyi ikufunsa zimene ndaona."

"Fomu imafunsa? Wayamba kucheza ndi mapepala? Labotale imeneyo sinalakwepo. Ukandichititsa manyazi, ubwerera kumene unachokera."

Elube anayang'ana fomu ija. Anaganiza za mwana wake, za dzuwa la pa Ntaja, za mawu oti "adokotala". Kulemba manambala atatu sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

"Iyayi, bwana. Ndilemba zimene ndaona."

Anadula foni yekha, chinthu chimene anali asanachitirepo munthu wovala tayi. Analemba kuti tisanu tija mulibe kanthu, nasayina dzina lake, natumiza.

Mwina mukudikira kuti ndikuuzeni kuti a ku Lilongwe anamuyamikira. Iyayi. Patapita mwezi zotsatira zinabwera: 70 pa 100, pamene kukhoza kumayambira pa 80. Sikisi, eyiti ndi nayini munalidi TB. Mnzawo wa a Hudson uja, bambo wa pa chipatala china osati kwa Mayi Monica, ananena zoona. Elube analakwanso mayeso, kachitatu m'moyo wake.

Pa msonkhano wa ogwira ntchito Lolemba m'mawa, a Hudson anaimirira pepala lili m'manja.

"Anzanga, ine ndinachenjeza. Mbiri imene ndinamanga zaka zonsezi yagwa m'sabata imodzi. Mukapatsa wogulitsa zitumbuwa maikulosikopu, musadabwe akaona zitumbuwa. Munthu analephera fomu folo kawiri, ife n'kumupatsa miyoyo ya anthu?"

Ena anaseka, ena anayang'ana nsapato zawo. Mayi Modester analibe chochita, pepala linali litalankhula. Anamuchotsa Elube pa maikulosikopu kufikira atabwera woyendera ma labotale wochokera ku Zomba, pakatha masabata asanu ndi limodzi. Woyenderayo akavomereza kuti vuto ndi Elube, dzina lake lifafanizidwa pa mndandanda wa oyeza, osabwereranso.

Masiku atatu Elube anangokolopa basi. Tsiku lachinayi anagogoda pa ofesi ya Mayi Modester.

"Mayi, ndikupempha ndione pepala lija."

"Ukufuna kudzipweteka kawiri?"

"Ndikufuna ndidziwe pamene ndagwera. Ku fomu folo sanandionetsepo."

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Tisanu topakidwa ku Lilongwe anakhoza tonse, mpaka kuchuluka kwa tizilombo. Titatu timene analakwa tonse tinali topaka yekha.

"Mayi, diso limene laona pa wanu mpaka faifi, lingachite khungu kuyambira pa sikisi?"

"Ukufuna kunena chiyani?"

"Sindikunena kanthu. Ndikungofunsa za botolo la utoto wofiira lija. Kuyambira pamene ndinayamba kukolopa, silinathepo."

Mayi Modester anavula magalasi. Botolo losatha m'chipatala cha boma ndi chozizwitsa, ndipo iwo anali atagwira ntchito nthawi yaitali moti zozizwitsa ankazikayikira.

"Kunena kokha sikukwanira," anatero. "Ndi mawu ako kulimbana ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu."

Sabata yomweyo kunabwera Che Zubairu, mwamuna wa kabaza wa pa Ntaja. Anali atayezetsa makhololo katatu, katatu konse n'kuuzidwa kuti alibe TB. Tsopano njinga anali atasiya kupalasa, malaya akumulendewera ngati ayanikidwa pa mpanda. Anamupeza Elube akukolopa pakhonde.

"Achemwali, akuchotsani udokotala? Ndiye ine ndilowera kuti? Mapepala anu akuti ndili bwino. Ine ndikuwakhulupirira mapepalawo, koma chifuwachi sichidziwa kuwerenga."

"Che Zubairu, mungalole tiyesenso? Koma ulendo uno makhololo anu akwera minibasi."

"Akwere, insha Allah. Mwini wake mphamvu zokwera minibasi alibe."

Mayi Modester analola, nalemba kakalata. Iwo ali pomwepo ngati mboni, Elube anapaka makhololo a Che Zubairu pa timagalasi tiwiri. Kamodzi anakathira utoto wa pa alumali paja. Kachiwiriko anakaumitsa bwino pamoto, osakapaka utoto, n'kutsekera tonse tiwiri m'kabokosi. Loweruka, tsiku lake lopuma, anakwera minibasi mpaka pa Liwonde, n'kukwera ina ya ku Balaka, kabokosi kali pamiyendo ngati wanyamula mazira.

Mayi Monica anamvetsera nkhani yonse osamudula. Anatenga kagalasi kosapaka kaja, nakathira utoto wawo, nakaika pa maikulosikopu. Sanayang'ane malo zana. Anayang'ana amodzi.

"Bwera udzaone."

Munali mofiira ngati munda wa tsabola. Anaika kagalasi kopakidwa ku Machinga kaja. Buluu.

"Munthu mmodzi, makhololo amodzi," anatero Mayi Monica. "Ameneyu ayambe mankhwala Lolemba. Ndipo iwe, amene unayeza miyezi yapitayi n'kuwauza kuti alibe, ndi angati?"

Funso limeneli linamulemera Elube kuposa chipongwe cha pa msonkhano. Ulendo wobwerera sanaone ngakhale mlatho wa pa Liwonde. Ankangoona nkhope.

Woyendera uja, a Lyford, anafika pa tsiku lake. Anali munthu wamfupi wosakonda tiyi wa alendo. A Hudson anawalandira atavala gauni yoyera yositasita, nayamba kufotokoza mbiri ya labotale kuyambira chaka chimene iwo anafika. Ali pa chaka chachinayi, Elube analowa ndi mopu, naiyedzeka kukhoma, naika timagalasi tiwiri ndi kalata ya Mayi Monica patebulo.

"Tuluka! Sukuona kuti pali alendo?" anatero a Hudson.

"Ndituluka, bwana. Alendowo akaona."

A Lyford anayang'ana timagalasi tija, kenako anapempha botolo la utoto wofiira. Analikweza ku zenera. Utotowo unali wotuwa ngati sobo wa pa maliro. Deti lake linali litatha zaka ziwiri zapitazo.

"Silikutha bwanji botololi?" anafunsa.

A Hudson anafotokoza kuti kuitanitsa utoto kumafuna mafomu ambiri, kuti mayendedwe ndi ovuta, ndiponso kuti munthu wodziwa ntchito amadziwa kusamala katundu wa boma. Utoto ukatsika, ankawonjezeramo timadzi pang'ono. Pang'ono chabe.

"Chabwino," anatero a Lyford. "Ndiye ndi utoto umenewu, panelo zinayi zapitazi munkakhoza bwanji 100 pa 100?"

A Hudson anayamba kukonza tayi yawo.

A Lyford anatembenukira kwa Mayi Modester. "Ma 100 anayi aja sanatiuze kanthu. Anatitseka m'maso. Chimene chatibweretsa kuno ndi 70 ya mayiyu. Mawa abwerere pa maikulosikopu, utoto watsopano ndili nawo m'galimoto. Ndipo mutsegule kaundula, aliyense amene anauzidwa kuti alibe TB chaka chino aitanidwe."

Anali anthu 64. Alangizi a zaumoyo anayenda pa njinga kukawafuna mpaka ku Nselema ndi midzi ya kuseri kwake. Amzikiti analengeza Lachisanu, amatchalitchi Lamulungu. Anabwera 58. Elube anawayeza onse ndi utoto watsopano, malo zana pa kagalasi kalikonse, msana ukuwawa. Khumi ndi mmodzi anapezeka ndi TB nayamba mankhwala. Awiri mwa amene sanabwere anali atamwalira kale. Chimene chinawapha palibe angachidziwe tsopano, ndipo Elube sananamizirepo kuti funso limeneli linamuchoka.

A Hudson analandira kalata ya chenjezo, nalamulidwa kukaphunziranso kuyeza makhololo masabata atatu, pa benchi imodzi ndi oyamba kumene. Asananyamuke anamupeza Elube ali yekha mu labotale, natseka chitseko.

"Elube, zija zinachitika zija, ndi za ntchito. Tiiwale. Ukudziwa ndimakutenga ngati mwana wanga."

"Zikomo, bwana. Koma tsiku lija panali anthu khumi ndi anayi. Ndinawawerenga, poti ndinalibe kwina koyang'ana. Mawu munandilanda pagulu, simungandibwezere kuseri kwa chitseko."

"Ukufuna ndigwade?"

"Iyayi. Ndikufuna muimirire, monga munaimirira tsiku lija."

Lolemba lotsatira msonkhano unachitikira pa shedi yodikirira odwala, chifukwa Mayi Modester anaitananso a komiti ya chipatala. Che Zubairu analiponso, atabwera kudzatenga mankhwala, ndipo anakana kusuntha.

A Hudson anaimirira. Anayamba ndi kuthokoza boma. Anathokoza a komiti. Anafotokoza kuti sayansi ndi ulendo wautali, ndi kuti ngakhale akatswiri a maiko akunja amakumana ndi zokhoma. Anali atangoyamba kunena za ubwana wawo pamene Che Zubairu anakweza dzanja.

"Bwana, pepani. Ena a ife mpweya ndi wochepa. Fikani pamene mukupitapo tikadali moyo."

Anthu anaseka mpaka mlonda. A Hudson anayang'ana pepala limene anakonza, nalipinda, naliika m'thumba. Mawu awo anatsika, n'kukhala a munthu wamba.

"Utoto ndinkathira madzi ndine. Mayankho a panelo ndinkafunsa kwa mnzanga. Elube ndinamuuza kuti alembe bodza, anakana. Ndinamunyoza pamaso panu kuti sadziwa ntchito. Amaidziwa. Mayi Elube, pepani."

Kanali koyamba kumutchula kuti mayi. Elube anaimirira.

"Ndalandira, bwana. Zatha." Kenako anatembenuka. "Koma nanenso ndili ndi mawu. Che Zubairu, mwa mapepala atatu amene anati mulibe TB, awiri ndinalemba ndine. Botolo lija ndinkaliona tsiku ndi tsiku kuti silikutha, koma sindinafunse mpaka pamene linandipweteka ine. Munadwala miyezi inayi yowonjezera. Pepani."

Che Zubairu anakanda m'mutu.

"Achemwali, ine ndinabwera kudzamvera kupepesa kwa abwanawa, kwanuku sindinakonzekere. Chabwino, ndakhululuka, anthu onsewa amva. Alhamdulillah, ndikadalipo. Koma ndikachira, mudzakwera kabaza wanga yekha. Ndikadzakuonani pa njinga ya wina, mlanduwu ndidzaudzutsa."

A komiti anawomba m'manja, Mayi Modester natseka msonkhano chifukwa odwala anali atayamba kudandaula.

Chaka chotsatira Elube analembanso fomu folo, Chingerezi n'kuchipeza chitatopa naye. Anapita ku koleji zaka zitatu. Lero ndi mmodzi mwa amene amayendera ma labotale a ku Machinga ndi Balaka. Akafika pamalo pamene alakwa panelo, sakalipa. Amakhala pansi n'kufunsa kuti tione pamodzi chavuta n'chiyani. Amene amamudetsa nkhawa ndi amene amakhoza 100 chaka ndi chaka koma m'kaundula mwawo simupezeka wodwala.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi 70 yanu imene mukuibisa pansi pa mphasa. Mwina pali wina akukuyimbirani foni kuti mulembe yankho la eni ake, mukhale pamtendere. Kanani. Kulakwa kwanu kwenikweni kungakuonetseni pamene pali dzenje, koma kukhoza kobwereka kumangolifotsera ndi udzu kuti wina agweremo. Akakusekani, pemphani pepala, muone pamene mwagwera, mukwere minibasi ngati n'kofunika. Mtima wanuwo musautaye, mudzaufuna mawa m'mawa pa ntchito.